Mlendo Wodziŵa Kuti Ndi Mlendo

Pali mtundu wina wa kompyuta umene munthu sangathe kuunyamula, kuupukuta fumbi kapena kuuloza ndi chala. Kompyuta yamtunduwu ilibe bokosi, ilibe mawaya, komabe imayaka, imagwira ntchito, ndipo ikadwala eni ake amasoŵa tulo monga momwe achitira ndi makina ena alionse. Imakhala m'kati mwa kompyuta inzake yeniyeni, pamodzi ndi zinzake zambiri, monga anthu ochita lendi m'nyumba imodzi yaikulu. Ntchito zochuluka za pa intaneti zimene omvera m'maboma onse amazifikira pa lamya ya m'manja zimayendera pa makompyuta otereŵa. Akatswiri amaitcha virtual machine, ndiye kuti makina ongoyerekeza. Mwachidule amangoti mlendo, ndipo kompyuta yeniyeni imene yamsunga amaitcha mwini nyumba.

Mbiri ya makina ameneŵa yazungulira funso limodzi kwa zaka zoposa makumi asanu. Kodi mlendo anamizidwe kuti nyumba yonse ndi yake, kapena auzidwe poyera kuti ndi mlendo, kuti azipempha zimene afuna mwachidule? Njira zonse ziŵiri zidayesedwa, zonse zidalemeretsa anthu, ndipo imodzi idatsala pang'ono kutsekulira mbala chitseko.

Nkhaniyi idayamba ndi manyazi a kampani ya IBM. M'mwezi wa Epulo chaka cha 1964 kampaniyo idalengeza makompyuta ake atsopano otchedwa System/360, amene idatayirapo chuma chambiri. Koma akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya MIT, mumzinda wa Cambridge m'chigawo cha Massachusetts ku America, adaŵakana makinawo. Iwo ankafuna kompyuta yoti anthu ambiri aziigwiritsa ntchito nthaŵi imodzi, aliyense atakhala pa chotayipira chake, ndipo System/360 idalibe chipangizo chogaŵira memori m'njira imene ntchito yotere idafuna. Motero MIT idakagula makina kwa General Electric. Masiku amenewo kompyuta idali chinthu chodzaza chipinda, ndipo munthu ankapereka ntchito yake pa makadi oboola, n'kudikira maola ambiri kuti aone yankho. Kukanidwa ndi MIT kudali kutaya ulemu pamaso pa masukulu onse aakulu.

IBM idayankha paŵiri. Yankho la akuluakulu a kampani lidali TSS/360, pulogalamu yaikulu imene idachedwa kutuluka, idavutitsa oigula, ndipo potsiriza idasiyidwa. Yankho linalo lidachokera kwa kagulu ka anthu a pa Cambridge Scientific Center, ofesi ya IBM imene idali m'nyumba imodzi ndi akatswiri a MIT aja. Robert Creasy ndi Les Comeau, pamodzi ndi anzawo, adaganiza mosiyana ndi onse. M'malo molemba pulogalamu imodzi yodziŵa kusamala anthu ambiri, adalemba kapitao wamng'ono wongogaŵa makinawo m'zidutswa, kuti chidutswa chilichonse chizioneka ngati System/360 yathunthu, ndipo munthu aliyense apatsidwe yakeyake. Kapitaoyo adamutcha CP-40. Adayamba ntchito m'Januwale 1967, ndipo ankatha kusunga alendo 14 nthaŵi imodzi, aliyense ndi memori ya makilobaiti 256, imene lero singakwane ngakhale chithunzi chimodzi chabwino chojambulidwa pa lamya. Mlendo aliyense ankayendetsedwa ndi pulogalamu yopepuka ya munthu mmodzi, yotchedwa CMS.

Apa pafunika kufotokoza mau aŵiri. Pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows kapena Linux, ili ndi phata lake lotchedwa kernel. Kernel ndiyo yokha ili ndi chilolezo chokhudza zipangizo: disiki yosungira zinthu, khadi lolumikizira netiweki, ndi zina zotero. Tsono chipangizo chilichonse chili ndi chilankhulo chake, ndipo kernel imalankhula nacho kudzera mwa kapulogalamu kotchedwa dalaivala, dzina lomwe lija la woyendetsa galimoto. Pansi pa CP-40 kernel ya mlendo inkaganiza kuti ulamuliro wonse uli m'manja mwake, pamene udali utalandidwa mwakachetechete. Mlendo akapereka lamulo lofuna chilolezo chapadera, makina ankamuimitsa n'kuitana kapitao. Kapitaoyo ankaona chimene mlendo akufuna, ankachichita m'malo mwake, kenaka ankamubwezera yankho looneka ngati lachokera ku chipangizo chenicheni. Mlendo sankadziŵa kanthu.

Bodza limeneli lidali lokongola, koma lidali ndi mtengo wake. Kuima kulikonse kunkadya nthaŵi, ndipo kuŵerenga disiki kamodzi kokha kunkafuna kuti kapitao amasulire mndandanda wonse wa malamulo a mlendo. CP-67 itatuluka m'chaka cha 1968, ndi VM/370 pambuyo pake m'Ogasiti 1972, akatswiriwo adapeza njira yachidule. Makinawo adali ndi lamulo lotchedwa DIAGNOSE, limene lidaikidwa kuti lizithandiza amisiri pofufuza zovuta. Iwo adalisandutsa belu loitanira kapitao. CMS ikafuna kuŵerenga disiki, inkaleka kunamizira kulankhula ndi chipangizo, inkangoliza beluyo n'kunena chimene ikufuna. Ntchito idafulumira, koma CMS idataya kanthu kena: pofika nthaŵi ya VM/370 idaleka kutha kuyenda yokha pa makina opanda kapitao. Walira mvula walira matope. Mlendo woyamba kuvomera ulendo wake adali ameneyu, ngakhale kuti dzina la njirayi lidadzabwera patapita zaka makumi atatu.

M'chaka cha 1974 Gerald Popek ndi Robert Goldberg adalemba lamulo la masamu lonena za makina amene angathe kunamiza alendo bwinobwino. Mfundo yake idali yakuti lamulo lililonse lokhudza ulamuliro wa makina liyenera kuimitsa mlendo ndi kuitana kapitao. Koma dziko lidali litayamba kuyang'ana kwina. Makompyuta aang'ono adatsika mtengo, IBM yomweyo idatulutsa kompyuta ya pa tebulo m'chaka cha 1981, ndipo kugaŵana makina amodzi kudayamba kuoneka ngati mwambo wa makolo. Mapurosesa a Intel amene adadzaza dziko lonse adapangidwa popanda kulabadira lamulo la Popek ndi Goldberg. M'chaka cha 2000 John Robin ndi Cynthia Irvine adaŵerenga malamulo 17 a purosesa ya Pentium amene ankaphwanya mfundoyo. Lina mwa iwo, lotchedwa POPF, mlendo akalipereka wopanda chilolezo, purosesa inkangosiya mbali ina ya lamulolo osaichita, osadandaula, osauza wina aliyense. Kapitao sangakonze chimene sadachimve.

Chimene chidabwezeretsa nzeru yakaleyo ndi kuwonongeka kwa ndalama. Makampani adadzaza zipinda ndi makompyuta, iliyonse ndi ntchito yake imodzi, yambiri ikungodya magetsi tsiku lonse. Pa sukulu ya Stanford, Mendel Rosenblum ndi ophunzira ake adayesanso njira ya IBM m'ntchito yotchedwa Disco m'chaka cha 1997, ndipo chaka chotsatira iye, Diane Greene ndi anzawo adakhazikitsa kampani ya VMware. Iwo adagonjetsa malamulo osamvera aja mwa kuŵerenga malamulo a kernel ya mlendo asanachitidwe, n'kusintha oopsawo ndi ena otetezeka. Pa nkhani ya zipangizo adatsata bodza lakale: mlendo ankaonetsedwa khadi la netiweki lodziŵika bwino ndi disiki yodziŵika bwino, zimene madalaivala ake adali kale m'Windows ndi m'Linux. QEMU, pulogalamu yaulere imene Fabrice Bellard wa ku France adatulutsa m'chaka cha 2003, idachita chimodzimodzi, ikumayerekeza makhadi enieni onga Realtek RTL8139, ndipo pambuyo pake Intel e1000.

Ubwino wake udali woonekeratu: mlendo aliyense ankaloŵa osasintha malaya. Koma taganizani za munthu amene apita kukagayitsa chimanga atanyamula chikho chimodzi, ndipo pa chikho chilichonse woyendetsa chigayo azimitse injini, atuluke, alandire, ayatsenso. Dalaivala wa khadi lenileni amalankhula ndi khadilo m'timau tating'onoting'ono tambirimbiri, pakuti pa chipangizo chenicheni timau timeneti n'totchipa. Pa chipangizo chongoyerekeza, kamau kalikonse kankaimitsa mlendo ndi kudzutsa kapitao. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti olemba mapulogalamu ankayenera kutsanzira ngakhale zilema ndi makhalidwe achilendo a zipangizo zakalezo, chifukwa madalaivala adali atazoloŵera zilemazo.

Dzina lakuti paravirtualization lidamveka koyamba ku University of Washington, m'ntchito ya Denali imene Andrew Whitaker, Marianne Shaw ndi Steven Gribble adafalitsa m'chaka cha 2002. Tanthauzo lake ndi lomwe lija la belu la DIAGNOSE: mlendo asinthidwe pang'ono, adziŵe kuti ndi mlendo. Koma amene adaifikitsa njirayi pa msika adali a ku Cambridge winayo, wa ku England. Mbiri ili ndi nthabwala zake. Ganizo lobadwira ku Cambridge wa ku America lidakakulira ku Cambridge wa ku Mangalande. Kumeneko Ian Pratt, Keir Fraser ndi anzawo adalemba kapitao wotchedwa Xen, dzina lochokera ku liu la Chigriki lotanthauza mlendo. M'Okutobala 2003 adaonetsa kuti posintha mizere pafupifupi 3,000 yokha ya Linux, mlendo ankathamanga liŵiro loyandikira la makina enieni. Zipangizo zabodza zija adazichotsa. M'malo mwake mlendo ndi mwini nyumba ankagaŵana kachigawo ka memori, kokonzedwa ngati mkombero, kamene mlendo ankaikamo zopempha zake ndi kutengamo mayankho.

Xen idafika pa nthaŵi yake. Kampani ya Amazon idafuna kubwereketsa makompyuta ongoyerekeza kwa aliyense wolipira pa ola, ndipo gulu limene lidamanga ntchitoyo lidali ku Cape Town, ku South Africa, motsogozedwa ndi Chris Pinkham. Ntchitoyo, yotchedwa EC2, idatsekulidwa m'Ogasiti 2006 itakhazikika pa Xen. Chaka chotsatira kampani ya Citrix idagula XenSource, kampani ya anthu a ku Cambridge aja, pa mtengo wa madola pafupifupi 500 miliyoni.

Nthaŵi yomweyo opanga mapurosesa adadzuka. Intel m'chaka cha 2005 ndi AMD m'chaka cha 2006 adawonjezera m'mapurosesa awo malo apadera a alendo, kotero kuti vuto la malamulo 17 lija lidatha. Avi Kivity, wa kampani yaing'ono ya Qumranet ya ku Israel, adagwiritsa ntchito mwayiwo polemba KVM, imene idasandutsa Linux yeniyeniyo kukhala kapitao, ndipo idaloŵa m'Linux 2.6.20 m'Febuluwale 2007. Ena adaganiza kuti tsopano kusintha mlendo kwatha ntchito. Adalondola pa nkhani ya purosesa, koma pa nkhani ya disiki ndi netiweki chigayo chidali chikuzimabe pa chikho chilichonse. Choipirapo, kapitao aliyense adayamba kulemba madalaivala akeake. Pofika 2008 Linux inkasunga njira zosachepera zisanu ndi zitatu zosiyana zokhalira mlendo, ndipo pafupifupi iliyonse inkafuna dalaivala wake wa disiki, wa netiweki ndi wa chotayipira, onse ochita ntchito imodzimodzi, aliyense ndi zolakwika zake.

Amene adatopa ndi chipwirikiti chimenechi adali Rusty Russell wa ku Australia, wogwira ntchito ku IBM, amene adali atadziŵika kale chifukwa cholemba mpanda woteteza netiweki m'Linux. Iye adali atalemba kapitao wamng'ono wophunzitsira, wotchedwa lguest, ndipo sadafune kuwonjezera madalaivala ena pa mulu umene udalipo. Adakonza chilankhulo chimodzi chimene mlendo aliyense ndi kapitao aliyense angagwirizanepo, nachitcha virtio. Chidaloŵa m'Linux 2.6.24 m'Januwale 2008.

Kayendedwe kake n'kosavuta kukamvetsa pobwerera ku chigayo chija. Mlendo amandandalika matumba ake, n'kulemba m'kaundula malo amene thumba lililonse lili m'memori, kukula kwake, ndiponso ngati ndi lodzaza loti litengedwe kapena lopanda kanthu loti lithiridwe ufa. Manambala a matumba okonzeka amaŵalemba pa mkombero woyamba, kenaka amagogoda kamodzi kokha. Mwini nyumba amatenga onse, amagwira ntchito, amalemba manambala a matumba otha pa mkombero wachiŵiri, nayenso n'kuliza belu kamodzi. Ngati mbali ina ili maso kale, ingathe kuuza inzake kuti isavutike n'kugogoda. Poyamba penipeni aŵiriwo amauzana maluso amene aliyense akudziŵa, n'kugwiritsa ntchito okhawo amene onse aŵiri avomereza; n'chifukwa chake mlendo wakale amatha kukhala kwa mwini nyumba watsopano popanda mkangano. Kuti mlendo apeze zipangizozi m'njira imene adazoloŵera, zidavekedwa maonekedwe a makhadi a PCI, ndi nambala ya wopanga yakuti 1AF4, imene Qumranet idapereka. Red Hat idagula Qumranet m'Seputembala 2008, ndipo nambalayo idapita nayo.

Komatu chilungamo chili ndi udindo wake. Mlendo wonamizidwa sasoŵa kukonzekera; mlendo wouzidwa zoona ayenera kufika akudziŵa chilankhulo cha pakhomopo. Apa ndi pamene amisiri ambiri oyang'anira makompyuta adakhumudwira, ndipo ophunzira akukhumudwirabe. Munthu womanga kernel ya Linux yakeyake amafunsidwa za dalaivala aliyense, ndipo mayankho ndi atatu: y, kutanthauza kuti dalaivalayo amangidwire m'thupi la kernel, m, kutanthauza kuti akhale padera pa disiki, aziitanidwa akafunika, ndi n, kutanthauza kuti asakhalepo. Mlendo wa virtio amafuna makamaka atatu: CONFIG_VIRTIO_PCI, amene ndi mseu wofikira zipangizo zonse, CONFIG_VIRTIO_BLK wa disiki, ndi CONFIG_VIRTIO_NET wa netiweki. Woiŵala woyambayo amadabwa kuona kuti ena aŵiriwo alipo koma sakuona kanthu, monga ngolo zoima kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho.

Msampha waukulu uli pa chilembo cha m. Dalaivala wa disiki akaikidwa padera, amakagona pa disiki yomweyo imene kernel singathe kuiŵerenga popanda iye. Ndi kiyi wotsekeredwa m'nyumba. Kernel imayaka, imafunafuna disiki yake, imaisoŵa, n'kuima ndi uthenga wa mantha umene akatswiri amautcha kernel panic. Mankhwala ake ndi aŵiri: kuyankha y, kapena kuika dalaivalayo m'kathumba ka kamba kotchedwa initramfs, kamene kamanyamulidwa m'memori pamodzi ndi kernel ulendo usanayambe. Palinso nkhani ya maina. Disiki imene kale inkatchedwa sda imasanduka vda ikaloŵa m'njira ya virtio, ndipo makina amene adalembedwa kuti azifunafuna dzina lakalelo amasochera. N'chifukwa chake amisiri ochenjera amaloza disiki ndi nambala yake yosasintha, yotchedwa UUID, m'malo mwa dzina.

Windows ili ndi vuto lomwelo m'chovala china. Siibwera ndi madalaivala a virtio, ndipo munthu woiika pa mlendo wotere amauzidwa kuti palibe disiki iliyonse, kufikira atapereka madalaivala amene Red Hat imasamala. Wosamutsa Windows yakale kuchoka pa disiki yoyerekeza kupita pa virtio mosakonzekera amalandiridwa ndi chinsalu cha imfa. Amisiri adapeza kachinyengo kake: amayamba alumikiza kadisiki kena kakang'ono ka virtio, Windows n'kuphunzira chilankhulocho ili mtendere, kenaka ndiye amasintha disiki yaikulu. Microsoft nayonso idagwidwa ndi lamulo lomweli kuchokera mbali inayo. Pofuna kuti Linux iziyenda bwino monga mlendo pa kapitao wake wa Hyper-V, m'Julayi 2009 idapereka mizere pafupifupi 20,000 ya madalaivala ku Linux. Padali patangopita zaka zisanu ndi zitatu chichokere pamene mkulu wa kampaniyo, Steve Ballmer, adayerekeza Linux ndi matenda a khansa.

Kufikira apa mkangano wonse udali wa liŵiro. M'Meyi 2015 udasanduka wa chitetezo. Jason Geffner wa kampani ya CrowdStrike adaulula chilema chimene chidapatsidwa dzina lakuti VENOM. Chidali m'chigawo cha QEMU choyerekeza chipangizo choŵerengera ma floppy, timadisiki takale timene anthu ambiri adali atatiiŵala, ndipo chidakhala mmenemo chiyambire 2004. Mlendo wa mtima woipa akadatha kutumiza malamulo opotoka ku chipangizo chabodzacho, n'kusefukira kunja kwa chipinda chake, kufika m'nyumba ya mwini, kumene alendo ena onse ali pafupi. Xen, KVM ndi VirtualBox zidakhudzidwa, ndipo pa makina ambiri chigawocho chinkakhalabe chamoyo ngakhale mwini wake atazimitsa floppy. Makampani obwereketsa makompyuta adathamanga usiku ndi usana kutseka mpatawo. Si kuti virtio ilibe zilema. Nayonso yapezeka nazo kangapo. Koma chipangizo chilichonse chakale chimene mwini nyumba amatsanzira ndi chitseko china chofuna mlonda, ndipo chitseko chimenechi chidakhala chosatseka zaka khumi ndi chimodzi chifukwa cha chipangizo chimene panalibe wochifuna.

Pofika Malichi 2016 bungwe la OASIS lidali litavomereza virtio 1.0 kukhala muyeso wa onse, wosakhalanso m'manja mwa munthu mmodzi kapena kampani imodzi. Chaka chotsatira lguest, kapitao wamng'ono uja amene virtio idabadwira, adachotsedwa m'Linux. Amazon idayamba kusamutsira makina ake atsopano ku kapitao wozikidwa pa KVM m'chaka chomwecho cha 2017, ndipo m'Novembala 2018 idatulutsa Firecracker, mwini nyumba wouma manja amene sapatsa mlendo floppy kapena khadi lililonse lakale, koma disiki ndi netiweki za virtio ndi tina toŵerengeka, ndipo amadzutsa mlendo m'kanthaŵi kosakwana theka la sekondi.

Pambuyo pake opanga zipangizo adayamba kusula makhadi enieni a netiweki, ogwirika ndi manja, olankhula chilankhulo cha virtio, kuti matumba a mlendo azipita molunjika ku khadilo osadzera kwa kapitao. Linux idalandira njira yoyendetsera makhadi otereŵa, yotchedwa vDPA, m'chaka cha 2020. Kuyambira 1967 mapulogalamu ankatsanzira zipangizo. Tsopano m'mafakitale mukutuluka zipangizo zotsanzira chinthu chimene Rusty Russell adachilemba poyamba kuti chitumikire kapitao wophunzitsira.